Ngalande ikatseka ku Blantyre, tigogode khomo la ndani? Mmene khonsolo ya mzinda imayendera

Mvula yoyamba itagwa, ngalande ya kumunsi kwa msewu wathu inatseka ndi majumbo, mabotolo ndi zitsononkho za chimanga chootcha. Madzi anasefukira n'kukalowa m'golosale ya mayi wina, ufa ndi shuga zonse kunyowa. Tisanamizane, zinyalalazo tinataya ndife tomwe. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mkangano umene unabuka pa gulu la WhatsApp la m'dera lathu usiku umenewo. Wina anati tiimbire a phungu. Wina anati iyi ndi ntchito ya a meya. Bambo wina wachikulire analemba kuti, "Ana inu, zimenezi n'za a DC." Mnyamata wina anaponyapo nambala ya kampani ya madzi, poti nkhani yake inali ya madzi basi. Mpaka tulo kutigwira, palibe anatchula khansala, chonsecho tinamuvotera tokha pa 16 Sepitembala 2025.

Kusokonezeka kumeneku sikuchokera ku umbuli. Mzinda uno uli ndi eni ntchito ambiri, ndipo khonsolo imene timangoti "a siti" ili ndi zipinda zingapo mkati mwake.

Makhonsolo awiri a dzina limodzi

Blantyre anayamba ngati mishoni ya Church of Scotland mu 1876. Pofika 1895 tauniyi inali kale ndi khonsolo yake, mu 1956 inaphatikizana ndi Limbe, ndipo mu 1966 inakhala mzinda. Khonsolo ya lero imaima pa miyendo iwiri: mutu 14 wa malamulo aakulu a dziko, ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998, lotchedwa Local Government Act. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa ndondomeko yotsitsa ulamuliro kuchoka ku Capital Hill kubwera kufupi ndi anthu, ija tinkaimva pa wailesi kuti Mphamvu ku Anthu.

Bambo aja anatchula a DC sanalakwitse kotheratu, kungoti analoza nyumba yoyandikana nayo. Pali Blantyre City Council, imene likulu lake lili ku Civic Centre ku Chichiri, yoyang'anira Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Mbayani, Namiwawa ndi madera ena a mumzinda. Palinso Blantyre District Council, ya bwanamkubwa, ndiye kuti DC, yoyang'anira madera monga Lunzu, Lirangwe ndi Mdeka. Ndi mabungwe awiri, aliyense ndi makhansala ake ndi bajeti yake. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda mokha, osawerengera khamu limene limalowa m'mawa kudzagwira ntchito kapena kuchita geni n'kutuluka madzulo, litagwiritsa ntchito misewu, misika ndi zimbudzi za mzindawu.

Osankhidwa ndi olembedwa ntchito

Amene anakhalapo m'komiti ya sukulu ya pulaimale amva msanga. Komiti siphunzitsa ana, siilemba pa bolodi. Ntchito imeneyo ndi ya ahedi ndi aphunzitsi awo. Komiti imagwirizana zoyenera kuchitika, kenaka n'kumafunsa kuti ndalama ya chimbudzi ija yapita kuti, nanga bwanji malata sanafike.

Khonsolo ilinso chimodzimodzi. Mbali ina kuli makhansala, mmodzi pa wodi iliyonse, ndiye kuti kadera kamene khansala amaimira. Pa zisankho za 2014 ndi 2019 mzindawu unali ndi mawodi 23. Malire anadulidwanso chisankho cha 2025 chisanachitike, pamene mawodi a dziko lonse anachoka pa 462 kufika pa 509. Pamsonkhano wa khonsolo pamakhalanso aphungu a Nyumba ya Malamulo a madera a mumzinda, ndi anthu asanu oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi anthu aulumali. Asanuwa amayankhula koma savota.

Mbali inayo kuli ogwira ntchito, otsogozedwa ndi mkulu wa khonsolo, amene ambiri amangomutcha CEO. Pansi pake pali madipatimenti a zachuma, zomangamanga, zaumoyo, mapulani a mzinda, zamalonda ndi ena. Awa ndiwo ali ndi magalimoto otola zinyalala, mainjiniya, ozimitsa moto, otolera ndalama m'misika ndi mabuku a ndalama.

Nanga a meya? Kumbukirani kuti pa tsiku lovota munalandira mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. La meya panalibe. Mfumu ya mzinda imasankhidwa ndi khonsolo kuchokera pakati pa makhansala, n'kukhala pampando zaka ziwiri ndi theka, monga mmene anasankhidwira a Noel Chalamanda mu 2014. Meya amatsogolera misonkhano, amavala unyolo wa mzinda pa miyambo, amalankhula m'dzina la khonsolo. Mawu ake amalemera, koma sangadzuke m'mawa n'kulamula kuti ndalama zituluke kukakonza msewu wakutiwakuti ngati sizili mu bajeti. Amene amayankha pa za ndalama tsiku ndi tsiku ndi mkulu wa khonsolo.

Apa pali mfundo imene yakhala ikukanganitsa anthu. Lamulo litasinthidwa mu 2010, mphamvu yosankha mkulu wa khonsolo inapita kwa nduna ya maboma ang'onoang'ono. Ena amati n'koyenera, chifukwa zimateteza akatswiri kuti asamachotsedwe ndi makhansala pa zifukwa za ndale za m'dera. Ena amafunsa kuti komiti ya sukulu ingawafunse bwanji ahedi mwamphamvu ngati ahediwo akudziwa kuti owalemba ndi owasamutsa ali ku Lilongwe.

Chifukwa chake dzina la khansala silinabwere pa gulu lathu lija, ine ndimachiona m'mbiri. Makhansala osankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka pa 20 Meyi 2014. Zaka 9 zathunthu makhonsolo ankayenda opanda makhansala. Mwana amene anayamba sitandade 1 mu 2005 anafika ku sekondale asanaonepo khansala ndi maso. M'zaka zimenezo tinazolowera kuti mlatho ukaduka, maliro akagwa, mpope ukauma, timathamangira kwa phungu. Chizolowezi sichichoka ndi chisankho chimodzi.

Ulendo wa dandaulo

Tiyeni tiitsatire ngalande ija. Ngati vuto ndi majumbo okha, dipatimenti ya zomangamanga ingatumize anthu ndi mafosholo pa ndalama ya ntchito za tsiku ndi tsiku, ngati ilipo. Koma tiyerekeze kuti ngalandeyo ndi yaing'ono kuyambira kale, ikufunika kukumbidwa mwatsopano ndi kuikidwa makalavati. Imeneyo ndi pulojekiti, ndipo njira yake ndi yaitali.

Imayambira ku komiti ya chitukuko ya wodi, kumene mabuloko lida ndi anthu ena a m'dera amandandalika zofunika. Khansala amaitenga n'kupita nayo ku makomiti a khonsolo. Lamulo limatchula makomiti a zachuma, chitukuko, maphunziro, zomangamanga, zaumoyo ndi chilengedwe, komanso a za ogwira ntchito. M'makomiti umu ndi mmene nkhani zimaphikidwa. Injiniya amabwera ndi mtengo wa ntchitoyo, wa zachuma amanena zimene zili m'thumba, makhansala amakokanakokana poti aliyense ali ndi ngalande yake, mlatho wake, msika wake wopanda chimbudzi. Zikapsa zimapita ku msonkhano wa khonsolo yonse, umene mwa nthawi zonse umakumana kamodzi pa miyezi itatu, ndipo kumeneko n'kumene bajeti imavomerezedwa.

Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi, koma chinasintha mu 2022. Izi zikutanthauza kuti dandaulo lofika mu Meyi, bajeti itatsekedwa kale, kawirikawiri limadikira chaka china. Nthawi yabwino yokankha nkhani ya ngalande ndi miyezi yomwe ija mvula ikugwa, pamene manambala akulembedwa.

Ikalowa mu bajeti, ntchito imalengezedwa kuti makontirakitala apikisane. Komiti ya m'kati yoona zogula ndiyo imasankha, motsatira lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma, pansi pa diso la PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe kameneka. Khansala sayenera kusankha kontirakitala, ndipo sayenera kukhala kontirakitala wobisala kuseri kwa dzina la mlamu wake. Gawo lake ndi kupita pamalopo, kuona ngati simenti ikuthiridwa mokwanira, ndi kufunsa m'komiti chifukwa chake ndalama yalipidwa pamene ngalande yathera pakati.

Ndalama zimachokera kuti

Gwero lalikulu la mzinda ndi msonkho wa malo ndi nyumba, umene aliyense amautcha ma city rates. Umayenda motere. Akatswiri owerengera mitengo amayendera mapuloti ndi nyumba n'kulemba mtengo wa chilichonse m'kaundula. Lamulo limafuna kuti kaundulayu azikonzedwanso pa zaka zisanu zilizonse, ndipo pakati pa zakazo nyumba zatsopano zimalowa m'kaundula wowonjezera. Khonsolo imaika mlingo wa msonkho, ndipo mwini nyumba amalipira molingana ndi mtengo wa katundu wake. Sitolo ya m'mphepete mwa Victoria Avenue silipira mofanana ndi nyumba ya zipinda ziwiri ku Chirimba. Wolipira ndi mwini nyumba, osati wa lendi, ngakhale tonse tikudziwa kuti alandilodi sachedwa kuuponyera mu lendi momwemo. Kaundula akatuluka, mwini nyumba ali ndi mwayi wokatsutsa mtengo umene aikira nyumba yake. Ambiri amadzadziwa izi bilu itafika kale.

Vuto la njira imeneyi ndi loonekeratu mukakwera phiri la Ndirande kapena la Soche n'kuyang'ana pansi. Anthu ambiri a mzinda uno amakhala m'madera amene anakula opanda pulani, kumene nyumba zambiri zilibe nambala ya puloti. Kaundula akachedwa kukonzedwa, kwacha n'kugwa mphamvu, msonkho umawerengedwa pa mitengo yakale pamene dizilo wa galimoto ya zinyalala akugulidwa pa mtengo wa lero. Khonsolo yakhala ikudandaula poyera za ngongole za msonkhowu, mpaka nthawi zina kutseka nyumba za malonda za osalipira. Eni nyumba nawo amati tilipire bwanji pamene zinyalala tikulipira mnyamata wa wilibala kuti akataye, msewu tikuthira tokha dothi. Khonsolo imayankha kuti galimoto siyenda ndi madzi. Onse awiri akunena zoona, ndiye chifukwa chake mkanganowu sutha.

Pamwamba pa apo pali matikiti a m'misika ya Limbe, Blantyre, Ndirande ndi ina, malayisensi a bizinesi, ndalama zoimikira magalimoto, ndi zolipira povomereza mapulani a nyumba. Kapepala kaja mayi wa tomato amakapinda n'kukaika pansi pa beseni ndi ndalama ya boma ngati ina iliyonse. Akalipira osalandira tikiti, ndalamayo siifika m'buku.

Gwero lachiwiri ndi boma lalikulu. Ndondomeko ya 1998 inati makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zimene boma latolera, kupatula thandizo lakunja. Bungwe loimira makhonsolo, la MALGA, lakhala likunena kuti zofika ndi zochepa ndipo zimachedwa. Zambiri mwa ndalamazi zimabweranso zitamangidwa kale dzina: ya misewu singapite kukagula mabini.

Zimene si za khonsolo

Mnyamata uja anaponya nambala ya kampani ya madzi anasakaniza madzi a mvula ndi a m'mpope. Madzi akumwa ndi a Blantyre Water Board, imene imapopa ambiri mwa iwo kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry n'kuwakweza mtunda wonsewo kufika kuno, kuwonjezera a damu la Mudi ndi a ku Likhubula ku Mulanje. Magetsi ndi a ESCOM, koma magetsi a m'misewu ndi nkhani ya khonsolo. Misewu ikuluikulu ya dziko ili pansi pa Roads Authority, pamene ya m'malokeshoni ndi ya khonsolo, ndipo ndalama zina zokonzera zimachokera ku Roads Fund Administration, ku kagawo kamene timalipira pogula mafuta a galimoto. Chipatala cha Gulupu ndi cha unduna wa zaumoyo. Apolisi ndi a boma lalikulu. Za khonsolo zenizeni ndi zinyalala ndi mtaya wa ku Mzedi, misika, ngalande, manda, mapaki, ozimitsa moto, kuyendera malo ogulitsira zakudya, ndi kuvomereza zomanga. Mapaipi a suweji nawo akhala m'manja mwa khonsolo kwa zaka zambiri.

Pa nkhani ya malo ndi pamene ulusi umapotana kwambiri. Mumzinda umodzi womwewu malo ena ndi a unduna wa za malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo, ena a makampani ndi anthu, ndipo m'madera ambiri mafumu amagawabe malo monga ankachitira makolo. Khonsolo ili ndi mphamvu yokana kapena kugwetsa nyumba yomangidwa popanda chilolezo, koma nthawi zambiri wogawa malowo ndi wina. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa kulemera kwa nkhani imeneyi pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Atadutsa, funso linali pakamwa pa aliyense: analola ndani kuti anthu amange kumeneko? Wofuna yankho loona ayenera kufunsa wogulitsa malo, wovomereza pulani, woyenera kuletsa, komanso kufunsa kumene munthu wa ndalama zochepa akanapeza puloti yotsika mtengo kufupi ndi ntchito yake. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unachedwetsa kutsegulira masukulu mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, unalinso wotero: madzi kwina, zimbudzi ndi misika kwina, zipatala kwina.

Khonsolo imapanganso malamulo ake ang'onoang'ono, okhudza malo ochitira malonda, nthawi yotsekera mabala, phokoso, ziweto m'tauni ndi zina, amene amagwira ntchito nduna ikawavomereza. Kuthamangitsana kwa a siti ndi mavenda kumachokera apa. Amene analipo mu 2006 akukumbukira Operation Dongosolo, pamene mavenda anachotsedwa m'misewu kupita m'misika. Wa m'kati mwa msika amati ine ndimalipira tikiti tsiku lililonse, wa panja akunditsekera makasitomala. Wa panja amati m'katimo malo mulibe, ndipo ogula sakwera masitepe. Khansala amavoteredwa ndi onse awiri.

Woyang'anira woyang'anira

Ku banki mkhonde bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, ndipo ndalama imawerengedwa pamaso pa gulu. Si chifukwa chakuti msungichuma ndi wakuba ayi, koma kuti asayesedwe. Khonsolo ilinso ndi maloko ake.

Loko loyamba ndi makhansala eni ake, makamaka komiti ya zachuma, imene imayenera kulandira malipoti a zolowa ndi zotuluka. M'kati momwemo muli odita wa khonsolo wofufuza mabuku chaka chili mkati. Kunja kuli National Local Government Finance Committee, bungwe lokhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko kuti liziunika mabajeti a makhonsolo ndi kugawa ndalama zochokera ku boma. Chaka chikatha, mkulu wofufuza mabuku a boma, Auditor General, amaunika zonse n'kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo, kumene komiti yoona za ndalama za boma ingaitane akuluakulu a khonsolo kuti akafotokoze. Munthu amene akuona kuti ofesi yamuchitira zosalungama angapite kwa Ombudsman, ndipo nkhani ya ziphuphu ndi ya bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Papepala maloko ndi okwanira. Kumene amafooka ndi kodziwika. Lipoti la odita limatuluka ndalama itagwiritsidwa ntchito kalekale, ena oyenera kuyankha atasamutsidwa. Khansala, amene salandira malipiro ngati a phungu koma kandalama ka pamwezi ndi maalawansi a misonkhano, amapatsidwa chimulu cha mapepala a manambala kuti atsutsane ndi akauntanti wa zaka 20 pa ntchito. Kwawo ku wodi anthu samufunsa kuti munafunsa chiyani m'komiti. Amamufunsa za bokosi la maliro ndi galimoto yonyamula odwala. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene uyang'aniri umafera mwakachetechete, popanda wina kuba kanthu: munthu amene tinamutuma kukafunsa mafunso timamusandutsa wothandiza pa maliro, ndiye mafunso amasowa mwini.

Nkhani ya aphungu m'khonsolo nayo yafika ku khoti. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, linayamba mu 2006, ndipo ndalama zake zimadutsa m'mabuku a khonsolo. Kusintha kwa lamulo kwa 2010 kunapatsanso aphungu voti m'misonkhano ya khonsolo. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene MALGA inakasuma, khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi kulowerera kwawo pa kayendetsedwe ka CDF n'zosemphana ndi malamulo aakulu, poti wopanga malamulo ndi kuyang'anira boma sangakhalenso wogwira ntchito imene akuyenera kuiyang'anira. Aphungu ambiri amayankha kuti anthu amawayeza ndi milatho ndi midadada ya sukulu, osati ndi zimene anayankhula ku Lilongwe, choncho kuwachotsa pa chitukuko n'kuwamanga manja. Makhansala amati chitukuko cha m'dera ndi ntchito yawo kuyambira pachiyambi.

Loko lomaliza lili ndi ife okhala mumzinda. Misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa anthu, kupatula pamene pakukambidwa nkhani zachinsinsi monga za wogwira ntchito. Lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limalola munthu aliyense kulemba kalata yopempha kuona bajeti, mtengo wa kontirakiti kapena dzina la kampani imene yapatsidwa ntchito. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitseko chake chizikhala cholondola: funso la pulojekiti kwa khansala ndi komiti ya wodi, bilu yolakwika ku dipatimenti ya zachuma, paipi yophulika ku kampani ya madzi.

Ngalande yathu tinaitsegula tokha Loweruka lotsatira, ndi makasu, mafosholo awiri ndi wilibala yobwereka. Tinatulutsamo matumba a zinyalala, tayala la njinga ndi nsapato imodzi ya mwana. Pamene tinkapumula m'pamene tinaona kuti kalavati ya pamphambano ndi yopapatiza moti ngakhale popanda jumbo ndi limodzi lomwe, mvula yamphamvu idzasefukirabe. Kalata yopita ku komiti ya wodi yalembedwa, yopempha kuti kalavatiyo ilowe mu bajeti 1 Epulo asanafike, ndipo tasainira nyumba zonse za mu mzere wathu. Bambo achikulire aja anasaina nawo, koma akuumirirabe kuti kope ina ipite kwa a DC.